Musanatenge kagalu, kaoneni make

Chisilamu chimatilola kusunga galu wolondera munda ndi ziweto. Koma kaya kuno kwa Mlonyeni, kumalire ndi Zambia, kaya kwanu kunyanjako, kagalu kogula pamsewu sitidziwa komwe kachokera.

Ife tikuti pitani pakhomo pa wowetayo. Make wa kagaluko akudya bwino? Alibe mphere ndi nkhupakupa? Khadi lake la katemera wa chiwewe lilipo? Mwiniyo akamazemba, bwererani ndi ndalama zanu.

Kagalu kakhale ndi make masabata 8, ndipo kakakwana miyezi 3 kakabayitseni kwa alangizi a ziweto. Chiwewe chikayamba kuonekera mwa munthu sichichizika, ndipo osewera ndi tiagalu ndi ana athu.