Mphatso ya Bwana: Ndi ya Munthu Kapena ya Mpando?

Ku China, m'nthawi ya Mfumu Kangxi (1661-1722), bwana wa boma akamakumbukira tsiku lake lobadwa, anzake ankasonkha ndalama n'kumupangitsira chotchinga cha m'nyumba. Kawirikawiri chinkakhala cha matabwa 12 aatali kuposa munthu, olumikizidwa kuti azipindika. Amisiri ankawapaka utomoni wa mtengo kambirimbiri, kenaka n'kusemapo nyumba zachifumu, mbalame ndi maluwa. Kuseri ankalembako mawu otamanda bwanayo ndi mayina a osonkhawo, kuti asawaiwale.

Ife kuno ku Karonga tilibe zotchinga zotere, koma tili ndi mpunga wa Kilombero, ng'ombe ndi nsomba. Akuluakulu athu akukumbukiranso mphatso zimene ankasonkhetsedwa m'nthawi ya Kamuzu.

Kupatsa n'kwabwino. Komatu Mtumiki (SAW) adadzudzula wotolera zakaat amene adadzisungira mphatso zomwe adalandira ali pa ntchito. Choncho tisananyamule thumba la mpunga kupita nalo ku ofesi, tidzifunse: kodi bamboyu akadzapuma pa ntchito tidzamupatsabe? Ngati ayi, chimenecho ndi chiphuphu, ndipo wolira ndi mayi wamasiye amene alibe chopereka.