Kiyi wa Nkhokwe Asakhale M'thumba la Aliyense

Aphunzitsi athu olemekezeka ndi inu anzanga, ndiloleni nditulutse zakukhosi pa nkhani imene yautsa mkangano m'kalabu yathu ya makompyuta.

Monga mudziwa, mapulogalamu amene timalemba pamodzi timawasunga pa GitHub, m'nkhokwe imodzi imene pa Chingerezi amaitcha repository. Pachiyambi tonse tinapatsidwa mphamvu zofanana, pakuti tinati ndife pachibale. Koma teremu yathayi mnzathu wina, posadziwa, anakankhiramo ntchito yake mokakamiza, nafafaniza zimene ena tinalemba kwa sabata ziwiri. Mwayi wake, Git imasunga mbiri ya ntchito pa kompyuta ya aliyense amene anakopera nkhokweyo, ndipo tinazipeza pa kompyuta ya mtsikana wina. Pakadapanda iyeyo tikadalira chokweza.

Tsono ine nditi mphamvu izi tizigawe monga mwa ntchito ya munthu. Kagulu kolembetsedwa pa GitHub kangathe kupereka maudindo asanu. Wa Read amawerenga ndi kukopera. Wa Triage amalongosola madandaulo ndi zopempha, koma sasintha pulogalamu. Wa Write amatumiza zimene walemba. Wa Maintain amayendetsa nkhokwe popanda kukhudza zoopsa. Wa Admin ndiye ali nazo zonse, ngakhale kufafaniza nkhokwe yathunthu. Udindo wotsirizawu ukhale wa anthu awiri okha, aphunzitsi otiyang'anira ndi wapampando, kuti wina akadwala ntchito isaime. Wobwera kumene ayambire pa Read, nakwere tikaona ntchito zake.

Koma maudindo paokha sakwanira, pakuti wa Write nayenso angathe kuchita zimene anachita mnzathu uja. Chifukwa chake titchinge nthambi yathu yaikulu, kuti pasakhale wokankhiramo mokakamiza, ndipo chosintha chiri chonse chiyambe chaonedwa ndi munthu wachiwiri. Paja akulu anati ichi n'chiyani nkulinga muli awiri.

Ndamva ena alikudandaula kuti kutero ndiko kusakhulupirirana. Iai, anzanga. Kodi kiyi wa sitolo ya zakudya pano pasukulu amakhala ndi tonse? Nanga potero akuluakulu amatiyesa mbala? Amangofuna kuti chikasowa chinthu adziwe pofunsa.

Ndiponso si onse odza ndi nkhope yosekera amene ali abwenzi. M'mwezi wa March chaka cha 2024, katswiri wina dzina lake Andres Freund anatulukira khomo lobisika m'pulogalamu ya xz, imene imapezeka m'makompyuta ambirimbiri a Linux. Analiikamo ndi munthu wodzitcha Jia Tan, amene anathandiza mofatsa kwa nthawi yaitali kufikira anapatsidwa udindo woyang'anira pulogalamuyo. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ngati akatswiri anapusitsidwa chotero, nanga ife ana a sukulu?

Potsiriza ndikumbutse za anzathu a Fomu 4. Akalemba mayeso nachoka, maina ao amatsalabe pa mndandanda ndi mphamvu zao zonse. Tiyeni pakutha pa chaka chiri chonse tiziunika mndandandawo, ndi kuwachotsera udindo mwaulemu, monga m'mene amabwezera mabuku a sukulu.

Ndapota nanu, tikakumana m'kalabu tidzakambirane zimenezi, tisanataye ntchito yathu kachiwiri.

Ndatha ine wanu,
Wophunzira wa Fomu 3