Limani Munda Wolingana ndi Manja Anu

Alimi anzanga, fodya ndi mbewu yosapatsa munthu mpata. Nazale imayamba mu Sepitembala, kuwokera kumabwera ndi mvula yoyamba, kuthyola kumayamba mu Januwale, ndipo pamene msika ukutsegulidwa cha mu Epulo, inu muli kalikiliki kusankha ndi kudinda mabelo. Pomaliza kugulitsa, nthawi ya nazale ina yayandikira. Nchifukwa chake ambiri a inu mumayesa kupuma ndi ulesi. Ine ndikuti ayi. Kutopa kwa mlimi kumakaonekera pa okushoni, pa mtengo wa belo lake.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Pa hekitala imodzi pamalowa mbande pafupifupi 15,000. Mukadula nsonga, tsinde lililonse limatsala ndi masamba ngati 18. Ndiye kuti masamba oposa 250,000, ndipo tsamba lililonse liyenera kudutsa m'manja mwa munthu kangapo: pothyola, posoka, popachika m'chigafa, potsitsa, posankha ndi pomanga. Tsono dzifunseni, kodi pakhomo panu pali manja angati a anthu akuluakulu? Mlimi wowonjezera munda chifukwa mnzake chaka chatha anagula njinga yamoto, osawonjezera manja, wadziitanira yekha nkhawa. Mphukira zimampitirira, masamba amapsera m'munda, ndipo posankha amangosakaniza magiredi chifukwa maso ali ndi tulo. Belo losakaniza ogula amalibweza kapena kuligula motchipa.

Choipa china nchakuti ntchito imafika pachimake mu Januwale ndi Febuluwale, nthawi imene nkhokwe zambiri zapepuka ndiponso malungo avuta. Munthu akugwira ntchito yoposa ya miyezi ina yonse, koma akudya mochepa. Ena mumathyola fodya m'mamawa kuli mame kapena mvula ikugwa, pofuna kuthamangitsa ntchito. Dziwani kuti chikonga cha m'masamba onyowa chimalowa m'thupi kudzera pakhungu, nkuyambitsa chizungulire, nseru, kusanza ndi mutu. Dikirani mame akamuke, valani zakumanja ndi malaya aatali manja, ndipo zovala zikanyowa sinthani, musambe ndi sopo.

Inu ochita fodya wa m'balani mukudziwa kuti moto umafuna kuuyang'anira usana ndi usiku pafupifupi sabata yathunthu. Musachezere nokha. Gwirizanani ndi mnzanu wa m'kalabu kuti muzisinthana, wina agone wina ali pa moto. Woodzera pa balani amaononga fodya wa sabata yonse, mwinanso kuotcha balani lenilenilo.

Abambo, pano ndilankhule nanu mosabisa. Mukaweruka kumunda inu mumakhala pansi, koma mayi amene munali nawo pamzere womwewo amayamba ntchito ina: kutunga madzi, kutola nkhuni, kuphika, kusamalira ana. Usiku akhalanso pansi kusoka fodya. Ndalama zikabwera, ena mwa inu mumasowa masiku atatu. Mikangano yambiri ya nyengo ino imachokera pamenepo. Khalani pansi awiri, mugwirizane za ntchito ndi za ndalama zomwe. Ndipo ana musawasandutse antchito pofuna kukwaniritsa munda umene munakulitsa dala. Malo awo ndi kusukulu, ndiponso chikonga chija chimawapweteka msanga kuposa akulu.

Eni maesiteti nawonso amve. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati wantchito asapitirire maola 48 pa sabata, apume tsiku limodzi, ndipo mwana wosakwana zaka 14 asalembedwe ntchito. Inu olima munda wanuwanu palibe kapitawo wokuwerengerani maola, choncho tsiku lopumalo dziikireni nokha. Pitani kokapemphera, kachezereni abale, kaonereni mpira. Fodya saonongeka ndi tsiku limodzi ngati masiku ena asanu ndi limodzi anagawidwa bwino, pokhapokha moto uli m'balani.

Nthawi yokonza zonsezi ndi pamene mukukalembetsa, nazale isanayambe. Werengani anthu a pakhomo panu, ndalama za aganyu, kukula kwa chigafa, ndi chimanga chimene chikufikitseni mu Malichi. Musaiwale kusiya malo ndi masiku a munda wa chakudya. Ziwerengerozo mupite nazo kwa mlangizi wa dera lanu kuti muone naye limodzi kukula kwa munda umene mungathe.