Paul Ngozi anali wa ku Chibolya, nanga tinkabisiranji?

Mu Okutobala 2024 mafoni a ku wailesi yathu sanapume. Achinyamata a ku Kanyama, Matero ndi Chawama ankapempha nyimbo imodzi chabe, "Noid" ya Tyler, the Creator, ati chifukwa muli Chinyanja. Tinaiika kangapo konse. Koma titafunsa kuti mawu a Chinyanjawo ndi a ndani, ambiri anangoti zii. Ena a ife mu situdiyo tinayamba tafufuza pa foni tisanayankhe, ndipo manyazi ake sanatichoke.

Mawuwo ndi a Paul Ngozi, dzina lenileni Paul Dobson Nyirongo, wobadwa mu 1949, mwana wokulira mu Chibolya. Nyimbo imene Tyler anatapako ndi "Nizakupanga Ngozi" ya Ngozi Family, ya m'chimbale cha 45,000 Volts. Ngozi anamwalira mu 1989, Tyler asanabadwe n'komwe.

Taganizani bwino. Chibolya yomwe ija imene manyuzipepala amaitchula pokhapokha apolisi akalowamo kukasaka chamba. Yomwe ija imene mnyamata wofuna nchito m'tauni amaibisa, n'kulemba kuti amakhala ku Kanyama kuopa kuti kalata yake iponyedwa m'bini. Mu komboni imeneyo munatuluka munthu wopeka nyimbo zimene manje zikugulidwa ku London ndi ku Tokyo.

Ngozi anaimbako ndi Musi-O-Tunya, gulu la Rikki Ililonga, asanayambitse lake, m'mene Chrissy Zebby Tembo ankaimba ng'oma. Mu 1976 anatulutsa Day of Judgement, gitala yake ikulira mokalipa ngati chigayo chatsopano, ndipo pa siteji ankaikanda ndi mano. Koma chimene chimatigwira mtima ife ndi The Ghetto. Munthu uyu sanathawe kwawo. Anatenga umphawi, mowa ndi makolo osiya ana, zinthu zimene ankaziona pakhomo, n'kuzisandutsa nyimbo zoti anthu a m'makomboni adzimve okha. Nthawi imeneyo boma la a Kaunda linalamula kuti wailesi iziika kwambiri nyimbo za kuno, ndipo oimba ngati iye anapeza pomvekera.

Lero palibe lamulo lotiletsa kumuika. Ndife tokha. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles ndi imene inasonkhanitsa zimbale zake n'kuzitulutsanso, pamene ife tinkati ndi nyimbo za madala. Ena amati zilibe kanthu, bola dzina la Zambia lamveka kunja. Ife tikukana. Kumveka kunja n'kwabwino, koma mwana wa ku Chibolya amene akupanga mabiti pa kompyuta yobwereka ayenera kumva dzina la komboni yake likutchulidwa pamodzi ndi luso. Masekondi ochepa a mu nyimbo ya munthu wina sangamuuze zimenezo.

Vuto lina ndi chizolowezi chathu pa maikolofoni. Timatchula woimba, wopeka ayi. Nyimbo ikalowa mu filimu kapena mu sewero la pa TV, dzina la woipeka limadutsa kumapeto anthu atanyamuka kale. Ndalama za wopeka zimayenda ndi dzina lake, ndiye tikalimeza timadyera banja lake.

Pa pulogalamu yathu ya Loweruka tayamba kuika "Nizakupanga Ngozi" yonse, kuyambira poyamba mpaka pothera, Tyler n'kubwera pambuyo. Sabata yatha mayi wina anaimba foni kuchokera ku George, nati anamuonapo Ngozi akuimba ali mtsikana. Tinamusiya alankhule mpaka nthawi ya nkhani inakwana.