Chenjezo kwa Anthu a ku Kaunda Square: "Kulawa Chabe" Kungaphe Mwana

Amayi ndi abambo a ku Kaunda Square Stage 1 ndi Stage 2, abale athu a ku Mtendere, Kalingalinga, Chawama, Kanyama, Matero ndi George, makamaka inu amene mumagwira mthiko, kaya pakhomo, pamsika, kusukulu kapena pamaliro: munthu akakuuzani kuti chakudya chakutichakuti chimamuwenga, kapena kuti adokotala anamuletsa tirigu, mukhulupirireni nthawi yomweyo. Musamuyese. Musamubisire m'ndiwo kuti muone ngati akunena zoona. Ndipo mawu aja akuti "angolawa chabe, kang'onong'ono sikangamuchite kanthu" asatulukenso pakamwa panu. Mawu amenewa ndi amene anatsala pang'ono kutilanda mwana mwezi wathawu.

Mwanayo ndi wa mng'ono wanga, mtsikana wa zaka 7. Nshawa zimamuwenga, mazira amamuwenga, ndiponso ali ndi matenda a m'matumbo otchedwa siliyaki, amene sagwirizana ndi tirigu. Tinali pamaliro kuno kwathu, amayi tili kuseri kwa nyumba, mapoto ali pamoto. Amake anali atamuikira chakudya chake m'kambale kotsekera, monga amachitira kulikonse kumene apita. Ambuya ena achibale, okonda ana kwambiri, atamuona akudya yekha pakona anamva chisoni. "Mwana wa pakhomo pano azidya yekha ngati mlendo? Bwera kuno mdzukulu wanga, ulaweko chibwabwa." Chibwabwacho chinali chotendera. Mwanayo anatapa kawiri basi.

Mphindi 10 sizinakwane. Milomo inatupa, zikope zinatupa, ziwengo zinabuka m'khosi ndi m'manja. Kenako anayamba kutsokomola, mawu anasasa, n'kundigwira chitenje amvekere, "Amayi aakulu, pakhosi pakundithina." Wina anathamangira mkaka kukantemba, wina anatulutsa Piriton m'chikwama, ena anati tiyambe tapemphera, ndipo kumbuyoko ndinamva manong'onong'o akuti mwana wadyetsedwa. Amene anatiombola ndi mnyamata wa takisi woyandikana nafe, yemwe sanafunse n'komwe za ndalama, anangotsegula chitseko. Kuchipatala anamubaya jakisoni wa adrenaline pantchafu tisanamalize kufotokoza. Mwana ali moyo. Ambuya aja akadalirabe mpaka lero, chonsecho analibe choipa chilichonse mumtima. Ndife tinalakwa posawakhazika pansi n'kuwafotokozera bwinobwino.

Pali matenda awiri apa, ndipo ambiri amawasokoneza. Oyamba ndi kuwengedwa ndi chakudya. Chitetezo cha m'thupi, chimene ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo, chimalakwitsa n'kuyamba kumenyana ndi chakudya wamba. Kwa ena zimathera pa ziwengo ndi kuyabwa. Kwa ena njira ya mpweya imatupa, magazi amasiya kuyenda mwamphamvu, munthu n'kukomoka. Madokotala amati anaphylaxis. Zimabwera m'mphindi zochepa, kawirikawiri pasanathe maola awiri chidyereni. Zakudya zimene zimachita zimenezi kawirikawiri ndi nshawa, mkaka wa ng'ombe, mazira, nsomba, soya, chitowe ndi tirigu, ndipo alipo ena amene ngakhale vinkubala zimawawenga. Kuti ulendo wathawu zinangothera pa ziwengo sizitanthauza kuti ulendo uno zithera pomwepo. Mwana amene ali kale ndi mphumu ndiye ali pangozi yaikulu koposa.

Mukaona munthu atangodya akupuma movutika, m'chifuwa mukulira, mawu asasa, lilime kapena pakhosi patupa, akusanza uku ziwengo zili thupi lonse, kapena wafooka mwadzidzidzi, nyamukani. Musamusanzitse. Musamumwetse mkaka, saladi, makala osinja kapena madzi a mchere. Piriton amachepetsa kuyabwa koma satsegula pakhosi. Mankhwala otsegula ndi adrenaline, wobaya pantchafu. Mugonekeni chagada miyendo ili m'mwamba, ndipo ngati akubanika mukhazikeni motsamira, koma musamuimiritse kapena kumuyendetsa wapansi. Kiliniki ya Kaunda Square ili pafupi, chipatala cha Levy Mwanawasa chili pa Great East Road pomwepa, ndipo a ku Kanyama, Matero ndi Chawama muli ndi zipatala zanu. Mukafika musaime pamzere. Fuulani kuti mwana wadya chomuwenga ndipo sakupuma bwino. Akatsitsimuka musaumirire kubwerera kunyumba anesi asanakuloleni, chifukwa nthawi zina vutoli limayambiranso patapita maola angapo. Pemphero ndi labwino, koma tipempherere m'galimoto ikuyenda. Kumaiko ena ana otere amayenda ndi jakisoni wodzibaya okha, wooneka ngati cholembera. Kuno ndi wosowa komanso wodula, choncho chimene tili nacho ndi chilungamo cha wophika ndi changu cha onyamula wodwala.

Siliyaki amabwera mwa njira ina, pang'onopang'ono, ndipo ndi chifukwa chake amanyalanyazidwa. Mu tirigu, balere ndi rayi muli chinthu chotchedwa guluteni, chija chimachititsa kuti mtanda wa fulawa uzitamuka ukamaukanda. Guluteni ikalowa m'mimba mwa munthu wa siliyaki, chitetezo chake chimatembenukira matumbo ake omwe. M'kati mwa matumbo aang'ono muli tinthu tambirimbiri toimirira ngati ubweya wa thaulo latsopano, ndipo ndito timayamwa chakudya kuti chilowe m'magazi. Siliyaki amatiperepesa mpaka m'matumbo musalale ngati thaulo lakutha. Munthu amadya ndithu, koma chakudya chimangodutsa.

Mwana wathuyu zinamuyamba atangozolowera mabanzi ndi mabisiketi. Mimba inali ndendende, chimbudzi chambiri, chotuwa ndi chonunkha kwambiri, matako atafota, mzere wa pakadi la kusikelo osakwera. Mankhwala a njoka za m'mimba anamwa kangapo. Anamuyeza malungo, TB ndi HIV, osapezeka kanthu. Anthu anayamba kunena mng'ono wanga kuti sadziwa kulera, ndipo iye pofuna kuti mwana anenepe ankamuwonjezera buledi ndi majarini, osadziwa kuti akuthira mafuta pamoto. Kwa akuluakulu matendawa amabisala mu kuchepa kwa magazi kosamva mapiritsi, kutopa kosatha, zilonda za m'kamwa, totupa toyabwa m'zigongono ndi m'mawondo, ndi kufooka kwa mafupa.

Ndamva ena akuti awa ndi matenda a azungu. Padziko lonse amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa 100 alionse, ndipo chimodzi mwa ziwerengero zazikulu kwambiri chinapezeka mu Africa momwe muno. Mu 1999 madokotala anafalitsa zimene anapeza atayeza ana a mtundu wa Saharawi m'misasa ya othawa kwawo ku Algeria, kumene ufa wa tirigu ndiwo unali chakudya cha tsiku ndi tsiku: ana oposa 5 mwa 100 alionse anali nawo. Makolo athu ankadya nsima ya chimanga, mapira, mawere ndi chinangwa, zimene zilibe guluteni, choncho ngakhale wobadwa ndi magazi a matendawa akanatha kukalamba osadwala. Mwana wa mu Lusaka lero amadzukira banzi, kusukulu chitumbuwa, madzulo bisiketi. Kumbukirani 2024, chaka cha chilala ndi kuzima kwa magetsi, mmene makomo ambiri tinkagonera tiyi ndi buledi.

Piritsi la siliyaki kulibe. Dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke, anaona pa njala ya 1944 ndi 1945 kuti ana odwala matendawa anayamba kupeza bwino buledi atasowa, n'kudwalanso buledi atabwerera. Kuyambira pamenepo mankhwala ndi omwewo: kusiya tirigu, balere ndi rayi moyo wonse. Matumbo amapola, mwana n'kuyamba kukula. Wathuyu anayamba kukwera sikelo m'miyezi yochepa, akudya nsima, mpunga, kandolo, nyemba, kapenta ndi masamba osatendera.

Koma musadzipime nokha pakhomo. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 mu Zambia anali opinimbira, ndipo ochuluka a iwo vuto lawo si siliyaki koma kuperewera kwa chakudya, madzi oipa ndi matenda obwerezabwereza. Madokotala a ku UTH ndi UNZA, monga Pulofesa Paul Kelly ndi Dr Beatrice Amadi, akhala zaka zambiri akufufuza matumbo a anthu a ku Misisi, ndipo aonetsa kuti tizilombo ta m'malo opanda ukhondo natonso timawononga tinthu ta m'matumbo tija mofanana ndithu. Wosiyanitsa ndi dokotala, poyeza magazi, kenako polowetsa kapaipi ka kamera kukhosi n'kutapako kachidutswa ka thumbo. Chonde musasiye tirigu musanayezedwe, chifukwa mukatero magazi amatuluka ngati mulibe kanthu pamene matenda alipo. Wina akapezeka nawo, makolo, ana ndi abale ake a bere limodzi akayezetsenso, poti pafupifupi mmodzi mwa 10 a iwo amakhala nawo.

Musachitenso mantha n'kuyamba kumana makanda athanzi phala la nsinjiro. Kafukufuku wa ku London amene anatuluka mu 2015 anaonetsa kuti kuyambitsa khanda nshawa msanga kumachepetsa kwambiri ngozi yoti zidzamuwenge. Mwana akakwana miyezi 6 adye phala lotendera monga mwa kale. Amene muyenera kuyamba mwafunsa kukiliniki ndi amene ali ndi zilonda zoyabwa za pakhungu zosatha, kapena amene anatupapo atadya. Ndipo ngati mwana wowengedwa alembedwa kuti alandire chiponde chija cha ana onyentchera, auzeni anesi, chifukwa muli nshawa ndi mkaka.

Tsopano inu ophika, apa ndi pamene pagona nkhani. Vitumbuwa, masikono, masamusa ndi mabanzi aliyense akudziwa kuti ndi fulawa. Chimene chimagwetsa anthu ndi tirigu wobisala: m'soseji ndi poloni zambiri, mu supu wa m'mapaketi wokhuthalitsira msuzi, pa nkhuku ndi nsomba zimene munazigubuduza mu fulawa musanakazinge, m'maheu ena, ndi balere wa mu mowa wa m'botolo. Mafuta amene munakazingira vitumbuwa m'mawa mukakazingiranso tchipisi masana, tchipisicho chatenga tirigu. Sefa imene munasefera fulawa, mpeni wa buledi umene mwaubwezera m'majarini, mtondo umene munasinjira nshawa, mthiko umene mwatenderera chibwabwa n'kuulowetsanso mu poto wa repu wosatendera, zonsezi zimanyamula. Chikanda nacho chili ndi nshawa zambiri. Muyezo wa padziko lonse umati chakudya chotchedwa chopanda guluteni chisapitirire mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi, ndiye kuti nyenyeswa zimene mumangozisansa patebulo n'zokwanira kupweteka matumbo. Kuchotsa nshawa pamwamba sikuthandiza, kuwiritsa nthawi yaitali sikuthandizanso. Patulani ndiwo za wodwala musanatendere, m'poto wotsuka ndi sopo, ndi supuni yakeyake.

Inu a pamsika ndi m'tuntemba, kasitomala akafunsa kuti "muli chiyani umu?" musakwiye, ndipo musayankhe mongofuna kugulitsa. Ngati simunaphike nokha, nenani kuti "sindidziwa". Yankho limenelo lingapulumutse munthu. Mu 2016 mtsikana wa zaka 15, Natasha Ednan-Laperouse, anadwala m'ndege yochokera ku London kupita ku Nice n'kumwalira tsiku lomwelo, atadya buledi wogula pabwalo la ndege amene munali chitowe chosalembedwa papepala lake. Makolo ake analimbana mpaka dziko la Britain linakhwimitsa lamulo la zolemba pa zakudya mu 2021. Ife tili ndi Food Safety Act ya 2019, koma chakudya chambiri cha m'komboni chimagulidwa m'pepala la nyuzi ndi m'kapulasitiki kopanda cholembedwa chilichonse. Wogula amangodalira mawu anu.

Pa chilanga mulilo, pa matebeto ndi pa kitchen party, mkamwini kapena mlendo akabweza mbale ina musamuyese wonyada kapena wonyoza alangizi. Funsani pasadakhale chimene sadya. Kutchalitchi nakonso nkhaniyi ilipo. Kwa Akatolika mkate wa Ukaristia uyenera kukhala wa tirigu, ndipo kalata ya ku Vatican ya 2017 inabwereza zimenezi, koma Mpingo umalola mkate wa guluteni yochepa kwambiri, kapena kulandira za m'chikho zokha. Kambiranani ndi ansembe kapena abusa anu Lamulungu lisanafike. Aphunzitsi, lembani maina a ana owengedwa, ndipo letsani kusinthana zakudya pa nthawi yopuma.

Chomaliza chimene ndikupempha ndi chakuti tileke kuloza anthu zala. Mwana akatupa atadya kwa aneba, si kuti aneba amuthirira mankhwala, ndipo nthawi imene tikutaya pofunafuna mfiti ndi imene pakhosi pa mwana pakutsekeka.

Mwana wa mng'ono wanga abwerera kusukulu Lolemba, kambale kake kali m'chikwama. Mukamuona akudya yekha, khalani naye pafupi, muchezeni, koma musamupatse kanthu kalikonse musanafunse amake.