Makina Aŵiri Asazimitsidwe Nthaŵi Imodzi

Mlimi wa ku Santhe akatumiza mabelo ake a fodya ku msika wa Chinkhoma, maso ake sachoka pa foni. Uthenga wakuti ndalama zaloŵa ku banki umafikira m'menemo, ndipo aganyu amawalipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Netiweki ikazima tsiku lotere, munthu amene anasankha fodya sabata yathunthu amabwerera kwawo chimanjamanja.

N'chifukwa chake amisiri amaika makina aŵiriaŵiri pamalo ofunika: ena amanyamula mauthenga, anzake amangodikira kuti alandire ntchito oyambawo akafooka. Patsinde pa nsanja pamakhalanso mabatire ndi jenereta. Nzeru imeneyi njabwino ndithu, koma imaonongeka m'manja mwa munthu waphuma.

Mmisiri wodziŵa ntchito yake amayamba ndi makina ongodikirawo. Amasunga kaye padera makonzedwe onse a m'kati mwake, kenaka amawazimitsa, kuwakonza ndi kuwayatsanso. Apa mpamene pafunika kuleza mtima, pakuti makina amene angoyaka kumene amakhala asanalandire kwa anzake ndondomeko ya njira zodzera mauthenga. Nyale yobiriŵira si umboni wokwanira. Aŵiriwo akagwirizana, mmisiri amasamutsira mauthenga ku makina okonzedwawo, nayesa ngati mafoni akulira ndiponso ngati ndalama zikudutsa. Pokhapo mpamene amakhudza makina oyamba aja. Zikavuta, pobwerera alipo. Koma amene amazimitsa onse aŵiri pamodzi pofuna kukafika ku Lilongwe dzuŵa lisanaloŵe, wasandutsa makina aŵiri kukhala amodzi, ngakhale kampani inalipira mtengo wa aŵiri.

Nthaŵi yakenso njofunika. Ntchito yosafuna changu ichitike usiku, anthu atachenjezedwa, ndipo ngati n'kotheka idikire kuti msika wa fodya utsekedwe.

Chodandaulitsa kwambiri ndi chipangizo chosungidwa chimene sichiyesedwa. Jenereta yokhala miyezi osalizidwa ili ngati tayala lapadera la ngolo limene mwiniwake amadzalipeza lophwa ali kale pakati pa dambo. Mu Januwale 2022, namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mphamvu pafupifupi mamegawati 130 kufikira 2023. Magetsi atayamba kuzima maola ambiri, mabatire ndi majenereta, zimene zinaikidwa kuti zizithandiza mwa apo ndi apo, zinasanduka zodalirika tsiku ndi tsiku. Batire lokalamba limaoneka ngati lamoyo kufikira litasenzetsedwa katundu.

Palinso zinthu ziŵiri zimene zimagwa ndi ngozi imodzi. Pa 12 Meyi 2024 zingwe za intaneti za pansi pa nyanja, EASSy ndi Seacom, zinaduka tsiku limodzi kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo Malaŵi anali m'gulu la maiko amene intaneti inavuta. Zingwe zinali ziŵiri, koma zinadzera dera limodzi.

Bungwe la MACRA, limene limayang'anira makampani a mafoni, lingachite bwino kumafunsa kaundula wosonyeza tsiku limene jenereta ya pa nsanja iliyonse inalizidwa komaliza, ndi tsiku limene makina ongodikira anapatsidwa ntchito yonse nayikwanitsa. Kwa nsanja za ku Santhe, kaundulayo aonedwe mabelo oyamba asananyamuke.