ZA MASEWERA: Miyendo ikatopa, mutu ugwire nchito

Cimanga cikalowa m'nkhokwe, mabwalo a mpira amadzuka m'midzi yonse ya m'boma la Chongwe, kuyambira ku Kanakantapa kufikira ku Chalimbana. Koma munthu wopenyetsetsa adzaona kuti maina a matimu amasintha caka ndi caka. Timu imene inagwedeza dera lonse caka catha, lero kulibe. Mukafunsa cifukwa cace, mudzamva kuti mnyamata amene anali kumwetsa zigoli anakula nasiya, ndalama za mayunifomu zinasowa, ndipo ngakhale mpira weniweniwo palibe adziwa kumene uli.

Vuto limeneli, inu awerengi, ndi la utsogoleri. Wosewera akangofooka miyendo timam'taya, timvekere tsobola wakale sawawa. Mbiri ya Bambo Kalusha Bwalya itiphunzitsa kuti kutero ndi kulakwa.

Bambo Bwalya anabadwira ku Mufulira m'caka ca 1963, ndipo anasewera mu timu ya Mufulira Wanderers asanapite ku Cercle Brugge m'dziko la Belgium. Pa masewera a Olympic a 1988 ku South Korea, iwo anamwetsa zigoli zitatu pamene Zambia inagonjetsa Italy 4-0, ndipo caka comweco anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse mu Africa. Mu April 1993, ndeke yonyamula timu ya dziko lathu inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon, nipha anthu 30, mwa iwo osewera 18. Bambo Bwalya sanalimo, pakuti anali ku timu yao ya PSV Eindhoven ku Holland. Iwo ndiwo anatsogolera timu yatsopano imene inafika pa masewera otsiriza a Cikho ca Africa mu 1994, kumene Nigeria inatigonjetsa 2-1.

Atasiya kusewera sanakhale pansi. Anaphunzitsa timu ya dziko, kenaka mu 2008 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa bungwe loyendetsa mpira m'Zambia la FAZ. Caka comweco bungwelo linalemba nchito Hervé Renard, mphunzitsi wa ku France amene ambiri anali asanamumvepo. Pa 12 February 2012, mumzinda womwe uja wa Libreville, Chipolopolo inagonjetsa Ivory Coast 8-7 pa mapenate nitenga Cikho ca Africa. Usiku umenewo Bambo Bwalya sanamenye mpira ngakhale kamodzi. Nchito yao anali ataigwira kale, posankha munthu woyenera ndi kum'khulupirira.

Kunja nakonso ziri conco. Ku Spain kuli Txiki Begiristain, amene anasewera mu timu ya Barcelona. Mu 2003 anapatsidwa udindo woyang'anira za osewera ndi aphunzitsi pa timu yomweyo. Mu 2008 anali mmodzi wa amene anaumirira kuti timu ipatsidwe kwa Pep Guardiola, amene anali ataphunzitsa timu yaciwiri caka cimodzi cokha. Mu 2009 Barcelona inatenga ligi ya Spain, cikho ca Mfumu ndi cikho ca ku Ulaya. Diso lozindikira luso la munthu wina limakula mwa amene anathamangapo yekha m'bwalo.

Komabe tisanamizane. Kuchuka kwa m'bwalo sikukwanira pa mpando. Mu 2016 Bambo Bwalya analuza cisankho ca FAZ kwa Bambo Andrew Kamanga, munthu wa zamalonda. Mu 2018 bungwe la FIFA linawaletsa kugwira nchito za mpira kwa zaka ziwiri cifukwa ca ndalama zimene analandira kwa Mohamed bin Hammam wa ku Qatar. Atacita apilo, cilangoco cinacepetsedwa mu 2019. Ngati ndalama zinabweretsa mlandu kwa munthu wolemekezeka cotere, kuli bwanji kwa msungicuma wa timu ya kumudzi amene asunga zopereka za anthu pamodzi ndi ndalama za feteleza wace?

Tsono kwa inu a m'midzi ya Chongwe, pempho langa ndi ili. Musanayambe masewera a caka cino, itanani osewera akale ndi kuwapatsa mipando. Iwo adziwa mwana amene ali ndi luso, adziwa mphunzitsi wonama ndi woona, ndiponso atha kuziziritsa mitima ndeu ikabuka pabwalo, paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Koma pambali pao ikani mlembi wodziwa kulemba, ndipo gulani buku. Kwaca iriyonse yolowa ndi yotuluka ilembedwe, ndipo bukulo liwerengedwe pamaso pa osewera, makolo ndi a nyakwawa mwezi uliwonse. Cisankho cicitike caka ciriconse, ndipo wogonja apereke buku, mpira ndi mayunifomu mwamtendere.

Kwa inunso anyamata amene mukuomberedwa m'manja lero, dziwani kuti miyendo iri ndi zaka zace zowerengeka. Pamene komiti ikumana, khalani pafupi mumve. Phunzirani kulemba kalata, kuwerengera ndalama ya galimoto yopitira ku masewera, ndi kulankhula ndi akuluakulu mwaulemu. Tsiku limene bondo lidzakana kuthamanga, timu ya m'mudzi mwanu idzakufunanibe.